Nsanje ya a Mbaliwali pa Mwamuna wa M'kanema

Amuna ansanje ndawaona ambiri pa moyo wanga. Ena amachitira nsanje kondakitala wa minibasi, ena wogulitsa makala, ena mpaka mbale wawo weniweni. Koma munthu wochitira nsanje mwamuna woti kulibe, wongooneka pagalasi la kanema, ndinaona mmodzi yekha: a Mbaliwali, owotcherera zitsulo a mumsewu mwathu, amene anatisiya chaka chathachi.

Dzinali tinawapatsa chifukwa cha moto umene unkathetheka m'shedi mwawo kuyambira m'mawa. Ine ndine telala, ndipo makina anga ali pakhonde loyang'anizana ndi shediyo, choncho zimene ndikukuuzanizi si zongomva. Anali bambo wamfupi, wa dazi, malaya ali mabowomabowo ngati sefa. Pakamwa ndiye panali polemera. Ukawapatsa moni ankangokweza hamala, basi moni wayankhidwa.

Mavuto anayamba pamene mwana wawo wokwatiwa kutali anatumizira mayi ake kanema. Madzulo aliwonse dzuwa likamapendeka kunkaonetsedwa sewero lina losatha, ndipo m'seweromo munali dokotala wamtali, wa ndevu zopesa bwino, wodziwa kuyankhula ndi akazi. Tsiku lina akazi a Mbaliwali, amene tonse tinkawatcha alamu, mayi ofatsa oti imvi anamerera m'banja lomwelo, anausa moyo n'kunena chapansipansi:

"Koma kunjaku kuli amuna."

Mawuwo a Mbaliwali anawamva ali pakhomo akuvula nsapato. Kuyambira tsiku limenelo dokotala uja anasanduka mdani wa pakhomopo, ndipo anamupatsa dzina loti Chindevu.

Kwa aliyense wobwera ndi wilibala yothyoka, a Mbaliwali ankalalikira uthenga umodzi: mafilimu ndi a anthu aulesi, othawa mavuto a m'nyumba zawo n'kukabisala m'nyumba za eni. Ankati munthu wanzeru sangalirire mkazi wa m'galasi denga lake likudontha. Koma nthawi ya sewero ikakwana ankatseka shedi mofulumira, n'kukakhala pakona pabalaza atavala chisoti chawo chowotcherera, akuti kuwala kwa kanema kumawononga maso. Tinadzatulukira patapita nthawi kuti galasi lakuda la chisoticho anali atalichotsa n'kuikapo loyera. Mdani ankamuonera bwinobwino, mutu atalozetsa kukhoma.

Ndiye tsiku lina Chindevu anamugulira mkazi wa m'seweromo mpando wa katungwe, wolendewera pa maunyolo m'munda wa maluwa. Alamu anausanso moyo. M'mawa mwake tambala asanatsitse phazi, hamala inali italira kale. A Mbaliwali anasonkhanitsa mapaipi akale, masipuling'i a bedi ndi unyolo wa njinga yamoto, ndipo mlungu usanathe mpando unali utaima kuseri kwa nyumba. Poopa kuvulaza mkazi wawo, anandiitana ine kuti ndiuyese. Sanandiuze kuti masipuling'iwo anali a bedi la anthu awiri onenepa. Nditangokhala n'kudzikankha pang'ono, mpando unandiponya m'beseni la zochapa, miyendo m'mwamba. Iwo sanaseke. Anangoyang'ana mtunda umene ndinauluka, n'kunena kuti wa Chindevu sungafike pamenepo.

Atauwongola, mpando uja unali wokoma kuposa wa m'kanema. Apa ndi pamene nsanje inawoloka msewu n'kulowa m'nyumba zathu. Azimayi onse ankapita kukabwereka mchere kwa alamu n'kukakhala ola lonse akuyendera katungwe. Mkazi wanga ankabwerako nkhope ili gwa, n'kundifunsa ngati ine maso ndilibe, popeza sewero lomwelo ndimalionera. Ndinayesa kumusokera diresi ngati la mkazi wa Chindevu. Analivala kamodzi, n'kunena kuti diresi sakhalapo.

Sizinathere pa mpando. Chindevu atatsegulira mkazi geti la maluwa achitsulo, geti lotero linamera kwa a Mbaliwali, maluwa ake ochuluka kuposa a m'kanema. Atatsika naye pamasitepe ozungulira, a Mbaliwali anawotcherera masitepe ozungulira panyumba yopanda chipinda cham'mwamba. Ankangokwera n'kukathera m'malere. Titawafunsa kuti akupita kuti, anawonjezera kakhonde pamwamba pake, ndipo alamu ankayanikapo zovala akuyang'ana madenga athu ngati mkazi wa bwana. Anthu a magalimoto anayamba kuima, kufunsa mmisiri wake. Munthu amene kale ankangomata mapoto ndi mawilibala anayamba kukana ntchito. Ife amuna anzawo tinkawayamikira pakamwa, koma mumtima tinkapempha kuti Chindevu tsiku lina adzagule ndege, tione.

Amene analimba mtima kuwauza zoona anali ometa tsitsi a pakona, bambo oti mkazi wawo anamwalira, osunga ndevu zosamalidwa bwino. Tili pakhonde panga masana ena, iwo anati a Mbaliwali asamanyoze mafilimu, chifukwa luso lawo lonse lachokera mmenemo. Anati ena akaonera amangogona, ena akaonera amadzuka n'kukapanga chinthu, ndipo a Mbaliwali ndi mwana wa sukulu wa Chindevu.

"Ine mwana wa sukulu wa munthu amene sanagwirepo hamala?"

"Nanga masitepe aja munawaona kuti?"

"Ndinalota."

"Munalota tsiku lomwe anaonetsa?"

A Mbaliwali ananyamuka n'kubwerera kushedi kwawo. Madzulo a tsiku lomwelo anakwera padenga ndi pulayala n'kudula chingwe cha eriyo, ndipo anauza mkazi wawo kuti makoswe atafuna.

Alamu sanakangane nawo. Nthawi ya sewero itakwana anangonyamula kampando kawo n'kupita kumene kunali kanema wina wapafupi, komwe kunali kwa ometa aja. Taganizani: kuthamangitsa mwamuna wa m'galasi, n'kupereka mkazi kwa mwamuna wa ndevu zenizeni, wopuma mpweya, wopanda mkazi. Ndinawaona a Mbaliwali akudutsa pakhomo pa ometa atanyamula chitsulo, kubwerera nacho, kudutsanso. Kenako analowa n'kukhala pampando wometera. Ometa anayang'ana dazi lija mbali zonse n'kufunsa mwaulemu kuti ayambire pati. Mawa lake anapitanso kukametedwa. Mkuja wake mutu unali utayamba kusupuka.

Mkangano unaphulika Loweruka, ndipo ine ndinaimitsa makina kuti ndimve bwino. A Mbaliwali, amene sankadziwa kukweza mawu, ankafuula kuti mkazi wamkulu ngati ameneyu akuthawa nyumba yake chifukwa cha zithunzi. Anawerenga zonse zimene anamupangira: mpando, geti, masitepe. Anafunsa chimene Chindevu ali nacho chimene iwo alibe. Alamu anayankha mosakweza mawu, koma msewu wonse unali chete moti tinamva.

"Ine sindithawa nyumba ino, bambo. Ndimathawa kukhala chete kwanuko. Uja akalowa m'nyumba amafunsa mkazi wake kuti waswera bwanji, n'kudikira yankho. Inu mumandipatsa zitsulo."

Tsiku limenelo hamala sinalirenso. Lolemba chingwe chinalumikizidwa, eriyo itakwezedwa pa mlongoti wautali kuposa mtengo uliwonse mumsewumo, kuti pasakhalenso chifukwa chopitira kwa ometa. Ndipo a Mbaliwali anayamba kuphunzira kuyankhula. Poyamba zinali zomvetsa chisoni. Ankalowa m'nyumba, kuima njo, n'kufunsa kuti "Mwaswera bwanji?" ngati wapolisi wofunsa chiphaso. Alamu akayamba kuyankha, iwo ankayang'ana wotchi. Koma sanasiye.

Zaka zitapita, maso a alamu anayamba kuchita chifunga. Anayenda nawo m'zipatala, koma kuona kunkangocheperachepera mpaka kanema anasanduka kuwala chabe. Mawu ankamva, koma sewero lija linali lodzaza ndi anthu ongoyang'anizana nyimbo ikulira. Ndiye ankagwira mkono wa mwamuna wawo n'kufunsa kuti, akutani tsopano?

Chisoti chinavulidwa. Munthu amene ankati mafilimu ndi a aulesi anakhala maso a mkazi wake pa sewero la mdani wake. Ndipo apa a Mbaliwali anaona mwayi umene anaudikira zaka zonsezi.

"Akutani tsopano?"

"Akulowa m'chipinda. Wanenepa masiku ano, batani la malaya latsala pang'ono kuthothoka."

"Nanga nyimboyi yasinthiranji?"

"Wapunthwa pa kapeti. Mkazi uja akudziletsa kuseka."

Pagalasi Chindevu anali chiimire, wowongoka ngati mlongoti, atanyamula maluwa. Mkazi wanga, amene anali pomwepo, anabwera kunyumba akugwira nthiti. Mawa lake tinapita tonse. Posakhalitsa pabalaza pa a Mbaliwali pankadzaza, ena ataima pawindo, anthu oti makanema ali nawo kwawo. Ngakhale ometa ankabwera, ndipo ankapatsidwa mpando wakutali ndi alamu. Tinkapempha kuti mawu a kanema atsitsidwe kuti timve bwino bodza.

M'kamwa mwa a Mbaliwali ndevu za Chindevu zinagwidwa ndi nsabwe, galimoto yake inkafa pa mphambano iliyonse, odwala ake ankachira akangomva kuti dokotala sabwera. Kenako m'seweromo munalowa munthu amene ife sitinkamuona pagalasi: mmisiri wina wamfupi, wosayankhulayankhula, amene ankafika nthawi zonse zinthu zikavuta. Ndi iye anatsegula chitseko nyumba ikupsa. Ndi iye anakonza mlatho Chindevu akulira m'mphepete. Pang'onopang'ono bodza lija linasiya kukhala lonyoza chabe. Mmisiri uja anakhala ndi mayi ake okalamba, ndi mkazi amene ankamukonda koma osadziwa kumuuza. Tsiku lina ndinaona azimayi akupukuta misozi chifukwa cha munthu woti ngakhale m'kanemamo mulibe, pamene pagalasi ankatsatsa sopo.

Madzulo ena magetsi anazima sewero lili pakati. Tonse tinayang'anana. A Mbaliwali anatiopseza ndi diso, n'kupitiriza ngati palibe chachitika, akuti mawu okha ndi amene athawa. Anafotokoza mpaka dzuwa kulowa, akuyang'ana galasi lakuda bii. Mkazi wanga pambuyo pake anawafunsa alamu ngati anazindikira. Iwo anaseka n'kunena kuti firiji itasiya kulira anadziwa, ndiponso kuti bodza lonse ankalidziwa kuyambira tsiku la batani lija. Anati asawauze, chifukwa mwamuna ameneyu anamudikira moyo wonse kuti atsegule pakamwa.

Usiku umenewo mkazi wanga sanandiyankhule. Mpando ndi geti anali atandikhululukira kale, koma ichi chosatha kumupekera nkhani ayi.

A Mbaliwali sanadwale nthawi yaitali. Chifuwa chinawagwira nyengo yozizira, ndipo mwezi usanathe anali atafooka. Nditapita kukawaona anandikodola kuti ndiwerame. Ndinkayembekeza mawu okhudza shedi kapena ana.

"Atelala, ndikapita musamusiye yekha ndi Chindevu."

Ndinalonjeza, ndikuseka ndi misozi yomwe.

Lonjezo ndinayesa kulisunga. Maliro atatha ndinkapita madzulo kukakhala pambali pa alamu, ine lero, ometa mawa, mkazi wanga mkuja. Koma ife timangonena zimene zilipo. Walowa. Wakhala pansi. Akumuyang'ana. Ndinayesapo kamodzi kunama kuti wagwa pampando, koma bodzalo linatuluka louma, lopanda mchere, ndipo palibe anaseka. Ndinabwerera kunyumba ndikuchitira nsanje munthu wakufa, ine amene ndimayankhula tsiku lonse pakhonde koma sindingathe kupeka nkhani yoti mayi wokalamba aiwale kuti saona.

Shedi ija ndi yotseka tsopano. M'mawa mumsewu mwathu mumamveka makina anga okha, ndipo ndimadzipeza ndikuwaimitsa kuti ndimvetsere mbali inayo. Madzulo aliyense amaonera kwake, zitseko zotseka, ndipo Chindevu wabwerera kukhala wamtali, wosapunthwa, wotopetsa. Sabata yatha ndili pakati pofotokoza, alamu anandigwira dzanja.

"Zimitsani, atelala," anatero. "Amene ndinkamuonera mmenemo anachokamo."