Tata Somdaka ndi Ludzu la Atsikana Awo

Ku Mdantsane kuno kwakhala anthu oumira a mitundu yosiyanasiyana, koma womana madzi analipo mmodzi yekha, malemu Velile Somdaka. Pafunika kulongosola bwino mfundoyi kuti pasakhale woimva molakwa. Munthu sankamanidwa kanthu pakhomo pawo. Mlendo ankamwetsedwa tiyi mpaka kupempha chifundo, ndipo ankachoka ndi magwinya otentha, mandasi a kuno, m'thumba. Omanidwa madzi inali mitengo yawo inayi ya chamba, yobzalidwa m'ndowa zoboola pansi kuseri kwa nyumba, imene iwo ankaitcha "atsikana anga." Mtengo wamphongo ukangoonekera ankauzula tsiku lomwelo, nalengeza kuti mwamuna wololedwa kuseriko ndi iwo okha.

Tata Somdaka anayamba ulimiwu atapuma ntchito ya njanji, khoti litalola kuti munthu wamkulu adzilimire pang'ono pakhomo pake. Iwo eni sanasutepo. Utsi wa mtundu uliwonse unkawatsokomoletsa ngati mbuzi yokalamba. Cholinga chawo chinali mawondo a akazi awo, MaMpinga, amene nyamakazi inkawazunza. Masamba ankawaphika m'mafuta n'kupanga mankhwala opaka. MaMpinga, amene anali msanamira ya gulu la amayi a Lachinayi kutchalitchi, sanalandire nkhaniyi ndi manja awiri.

"Bambo a Zimkhitha, ine ndizivala bulauzi yofiira ya mpingo, kuseri kwa nyumba yanga kukununkha ngati pokwerera matekisi?"

"MaMpinga, mawondo amene mumagwadira kutchalitchiko ndi omwewo ndikuwalimira. Kapena mwaganiza zozipemphera chiimire?"

Pasanathe chaka MaMpinga ankagwada ndi kudzuka osagwira benchi, ndipo mkanganowo unatha wokha.

Nkhani ya dothi ndiyo inatchukitsa mkuluyu poyamba. Dothi la Mdantsane analikana, nati ndi louma mtima. Anaitanitsa thumba la dothi lakuda kuchokera kwawo ku Lusikisiki, m'dera la Mpondo lotchuka ndi chamba, ndipo linabwera pa tekisi litakhala pampando wake wake ngati munthu. Analisakaniza ndi manyowa a mbuzi ogonera bwino ndi mchenga wa kumtsinje, akulipembenuza ndi manja ngati mayi wokanda ufa wa buledi. Choyezera chawo chinali lilime. Ankatsina dothi, kulinunkhiza, kuliika pakamwa, n'kuyang'ana kumwamba ngati akumvetsera uthenga. Khalidweli silinkadziwa malo. Pa maliro a mphunzitsi wina, abusa ali pakati pa pemphero, anthu anamva mawu otsika kumbuyo kwa mulu wa dothi: "Koma dothi labwino chonchi kumangokwiriramo anthu!" MaMpinga anawatsina pamkono, ndipo mkuluyo chipsera chake anachionetsa kwa aliyense sabata yonse.

Mdani wawo wokondedwa anali Monwabisi, dalaivala wa tekisi wokhala kuseri kwa mpanda. Monwabisi anachita kaduka ndi atsikanawo, nagula kusitolo ya zamaluwa ku East London ulusi wa makoko a kokonati ndi timiyala toyera, topepuka ngati mbuliwuli, nabzalamo mitengo yake iwiri. Ulusi wotere suchedwa kuuma, choncho iye ankathirira m'mawa ndi madzulo. Kwa Tata Somdaka limeneli linali tchimo lochitikira poyera.

"Iwe Monwabisi! Mwana wa ku Mpondo ukumugoneka pa zinyalala za kokonati? Amayi ake anadyapo kokonati?"

"Tata, dziko linapita patsogolo. Inu mwatsalira pa siteshoni."

"Ndipo ukumuthirira ngati ukutsuka tekisi! Amenewo ndi maluwa kapena nsomba?"

Chomvetsa chisoni kwa mkuluyu n'chakuti mitengo ya Monwabisi inakula bwino ndithu. Tata Somdaka anaisuzumira pamwamba pa mpanda nthawi yaitali, kenaka nagamula kuti inali yonenepa koma yopanda khalidwe. Patapita masiku, MaMpinga akuyanika zovala anaona tinthu toyera m'dothi la ku Lusikisiki lija.

"Bambo a Zimkhitha, timeneti n'tiyani?"

"Matalala."

"Matalala osasungunuka?"

"MaMpinga, nyengo inasintha. Simumvera wailesi?"

Koma chiphunzitso chawo chachikulu chinali cha madzi. Ankati mtengo wa m'ndowa sufa ndi ludzu kawirikawiri, umafa ndi chifundo cha anthu, chifukwa mizu yokhala m'matope imalephera kupuma n'kuola. Madzi a pampopi ankayenera kugona kaye mu beseni losavundikira kuti fungo la mankhwala lichoke. Tsiku lothirira silinkadziwika ndi kalendala. Ankalowetsa chala m'dothi, kenaka n'kunyamula ndowa ndi manja awiri, atatsinzina. Ikalemera ankaibwezera pansi nati, "Ukunama, sunamve ludzu." Ikapepuka ankathira pang'onopang'ono m'mbali, mpaka madzi atayamba kudontha pansi, ndipo pamenepo ankaleka ngakhale mtengo utawayang'ana momvetsa chisoni chotani.

Palibe wina aliyense ankaloledwa kugwira ntchitoyi. Abusa atabwera kudzacheza anakhuthulira madzi otsala m'kapu mu ndowa ina, poganiza kuti akuchita zabwino. Anaperekezedwa mpaka pachipata ndi ulaliki wautali kuposa wawo wa Lamulungu. Mvula ikagwa masiku otsatizana, msewu wonse unkaona bambo wachikulire ataima kuseri ndi maambulera awiri, iye mwini akunyowa, atsikana ali pouma. Chiyambireni ulimiwu sanagonepo kunja kwa nyumba yawo. Ku ukwati wa mwana wa mchimwene wawo ku Qonce anachoka nyama isanagawidwe, nati kumwamba kukuoneka kokayikitsa.

Zonsezi tinkaziseka, mpaka chaka chimene mkuluyu anayamba kuonda. MaMpinga ndiwo anaona poyamba kuti mbale ya chimanga chosinja ndi nyemba ikubwerera kukhitchini itangolawidwa, ndi kuti ndowa imene kale ankainyamula ngati kapu tsopano ikuwatulutsa thukuta. Mwana wawo Zimkhitha anabwera kuchokera ku Gqeberha, nawatengera kwa dokotala, ndipo dokotala anati agonekedwe m'chipatala msanga. Tata Somdaka anavala chipewa chawo nabwerera kunyumba.

"Tata, nkhaniyi si yocheza," anatero Zimkhitha misozi ili m'maso.

"Ndikagona uko, atsikanawa athirira ndani? Amayi akowa ali ndi mtima wabwino. Mtima wabwino ndi umene umapha mitengo."

MaMpinga sanakangane nawo. Zaka za m'banja zinawaphunzitsa kuti mwamuna wawo sakankhidwa, amachita kutsegulidwa njira. M'mawa mwake anavala epuloni, naima pakati pa ndowa zija manja ali m'chiuno.

"Ndiphunzitseni."

Sukulu imeneyo inali yowawa. MaMpinga ankanyamula ndowa, nanena kuti yapepuka, ndipo mphunzitsi, atakhala pampando ndi bulangeti m'miyendo, ankapukusa mutu ngati wamva za imfa. Ankati akazi awo akunyamula ndi mapewa m'malo monyamula ndi maganizo. Ankati chala chawo n'chaulemu kwambiri, chikungogogoda pakhomo osalowa m'nyumba. MaMpinga ankameza mawu, chifukwa ankaona kuti tsiku lililonse la sukuluyi likuchotsedwa pa moyo wa mwamuna wawo. Tsiku lina ananyamula ndowa ya mtengo waung'ono kwambiri, umene masamba ake anali atagwa ngati makutu a galu wokalipiridwa, naibwezera pansi osathira kanthu.

"Bwanji simukumupatsa? Taonani mmene akuvutikira," anawayesa mkuluyo.

"Akunama. Ndowayi ikulemera. Wakhuta mpaka kutopa."

Tata Somdaka anavula chipewa.

"MaMpinga, ndilonjezeni chinthu chimodzi. Aliyense wa atsikanawa akhoza kufa ndi mphepo, ndi mbozi, ndi chifuniro cha Mulungu. Koma asafe ndi madzi."

"Ndalonjeza. Tsopano kwerani tekisi ya Monwabisi."

Kuchipatala mkuluyo anakhalako masabata angapo, ndipo foni inkalira m'mawa uliwonse. Sankafunsa za mawondo, kapena za Zimkhitha. Funso linali limodzi: "Mwanyamula?" Odwala anzawo m'chipindamo anaphunzira za mizu kuposa mmene ankafunira, ndipo namwino wina anadzudzulidwa chifukwa chomiza duwa la pawindo. Matendawo anali atapita kale patali. Anamwalira Lachiwiri lina masana, dzuwa likuwala bwino.

Monga mwa mwambo, MaMpinga anakhazikidwa pa matiresi pansi m'chipinda chogona, atafunda bulangeti, maso pansi, mawu otsika, osaloledwa kutuluka. Pambali pawo panakhala alamu awo a Nontsapho, mlongo wa malemu, mayi wodziwa mwambo uliwonse ndi chilango chake. M'masiku a chipwirikiti amenewo kuseri kwa nyumba kunadzaza miphika ikuluikulu ndi amayi osenda mbatata, ndipo aliyense wa iwo ankadziwa mmene malemu ankakondera atsikana awo. Choncho aliyense, podutsa, ankathirako kapu imodzi mwachifundo, nanong'ona kuti, "Pepani, ana amasiye." Monwabisi, maso ali ofiira, ankathirira m'mawa ndi madzulo monga anazolowera kwake, akuganiza kuti akulemekeza mdani wake.

Loweruka, anthu atabwera kumanda, anasamba m'manja pachipata m'mabeseni a madzi osakaniza ndi khonje, monga timachitira tonse tisanalowe pabwalo. MaMpinga anali atabwezedwa pa matiresi awo. Windo la chipindacho limayang'ana kuseri, ndipo kudzera pamenepo anamva mawu a mayi wina wokoma mtima: "Musataye pansi madziwo, kathireni mitengo ya Tata." Kenaka anamva khwaa, phokoso la beseni lathunthu likukhuthulidwa, ndi pambuyo pake kulira kwa dothi limene silingathenso kumwa.

Namfedwayo anaponya bulangeti uko.

"Mlamu! Khalani pansi! Mwazungulira mutu?" anakuwa a Nontsapho. "Anthu adzati chiyani?"

"Adzati zimene adzanene. Ine ndinalonjeza mchimwene wanu, osati anthu."

Khamu lonse linaona mayi wovala zakuda, wopanda nsapato, akudutsa pakati pa mizere ya anthu ogwira mbale, liwiro lake lochititsa manyazi nyamakazi. Anakwatula beseni lachiwiri m'manja mwa mlembi wa amayi a Lachinayi. Anayesa kunyamula ndowa yoyamba, koma inali yolemera ngati yathiridwa simenti.

"Ndani wachita izi?"

Kenaka manja anayamba kukwera mmodzimmodzi: amayi a miphika, abusa, Zimkhitha, ndipo pomalizira pake Monwabisi. A Nontsapho, amene anali atawatsatira ndi bulangeti kuti awafunditse, anayang'ana kumbali, nakweza chala chimodzi.

"Kapu imodzi yokha, mlamu. Ankaoneka osungulumwa."

Wina anayamba kuseka, ndipo kuseka kunafalikira pabwalo lonse, kosakanikirana ndi misozi. MaMpinga okha sanaseke. Analamula amuna ovala masuti kuti apendeketse ndowa, azikweze pa njerwa, aboolenso mabowo pansi. Waung'ono uja anamuzula ndi dothi lake lomwe, nachotsa matope onunkha khonje, ndipo Monwabisi anathamangira kwake kukatenga timiyala take toyera tonse kuti asakanize ndi dothi louma. Atamaliza, namfedwayo anasamba m'manja, nabwerera pa matiresi, nafunda bulangeti, maso pansi monga mwambo ufunira.

Msewu wathu tsopano ndi wa bata losazolowereka. Anthu amathirira maluwa awo mopanda mantha, ndipo amaoneka kuti sakusangalala nawo ufuluwo. Monwabisi anasiya kuimba mluzu m'mawa. Pampanda pamene mkuluyu ankatsamira pokalipa, waya anapindika, ndipo palibe amene waganiza zomuwongola.

Atsikana atatu anachira msanga. Waung'onoyo anayoyola masamba achikasu, natsala kamtengo kowonda kokhala ndi nsonga imodzi yobiriwira. M'mawa uliwonse MaMpinga ankatuluka ndi zovala zawo zakuda, nanyamula ndowayo atatsinzina, naibwezera pansi. Amayi a Lachinayi ankanong'onezana kuti chiikireni maliro mayiyu sanagwetse msozi, ndipo ena ankati mtima wake wauma.

Tsiku lina ndowayo inakwera m'manja mwawo mopepuka, ndipo pansonga paja panali timasamba tiwiri tatsopano. MaMpinga anatunga madzi ogona, nathira pang'onopang'ono m'mbali mpaka atadontha pansi, naleka. Kenaka anakhala pa njerwa, nafunda epuloni kumaso, nalira kwa nthawi yaitali, atatembenukira kumbali kuti misozi isagwere mu ndowa.