A Makina, Mkamwini Wosowa Manda

Pa doko lathu la Nakhonyo, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, munthu sunkatsika m'bwato usanatchule dzina la agogo ako aakazi. Lamulo limeneli silinachokere ku boma. Likadachokera kumeneko bwenzi lili pa chikwangwani, ndipo palibe akadalitsata. Linali lamulo la a Tobias Makina, ndipo linkagwira ntchito ngakhale pa holide.

Bwato likangogunda matope, mkuluyo anali atafika kale, thalauza atapinda mpaka m'maondo.

"Takulandirani, achimwene. Mayi anu ndani?"

"Ine ndadzagula matemba, bambo."

"Matembawo sathawa, ndi ouma kale. Mayi anu ndani? Nanga amene anabala mayi anuwo?"

Za abambo sankafunsa. Kuno mtundu timawerengera kuchikazi, ndipo a Makina ankati mwamuna pabanja ali ngati khasu lobwereka: kulima limalima, koma eni ake ali kwina.

Kulemba sankadziwa. Mabuku awo anali matemba. Ankangotapa dzanja limodzi pa thandala la aliyense amene wayanika pafupi, osapempha, n'kuyamba kuyala pamphasa. Kansomba kalikonse kanali munthu. Akazi ankawaloza mitu kumtunda, ana awo m'munsi mwawo, amuna n'kuwagoneka chopingasa m'mphepete. Akamaliza, mtundu wako wonse unali pamphasapo, kuyambira amene anachoka ku Mozambique mpaka mwana wobadwa dzana, onse akununkha chimodzimodzi.

Tonse tinkadziwa chimene mkuluyu ankasaka. Iwo anafika kuno ali khanda, kumbuyo kwa mayi wina amene ankathawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Mayiyo anamwalira asanauze munthu dzina lake kapena mudzi wake. Khandalo linakulira pa mishoni, pafupi ndi chigayo, ndipo dzina la Makina linachokera pamenepo. Atakula anakwatira mayi Anastazia n'kukakhala chikamwini. Tsono mkamwini akamwalira, abale ake amabwera kudzamutenga kuti akagone kumanda a kwawo. A Makina analibe wodzawatenga. Mlendo aliyense wotsika pa doko ankamuyang'ana ngati mwina ndi amene adzanyamule bokosi lawo.

"Inu mukadzafa ndidzangokuyanikani pa thandala," ankatero mayi Anastazia.

"Mayi, musaseke. Munthu wopanda manda ndi wosauka kuposa wopanda munda."

"Mundanso mulibe. Ndi wanga."

Vuto linali loti pofunafuna abale awo, ankapeza abale a anthu ena, ngakhale eni ake asanawatume. Msodzi wina, Jonasi, anapeza mbeta ku Jenala, dzina lake Eveles. Ankhoswe anakumana, zonse zinalongosoka, tsiku linakhazikitsidwa. Ndiye Eveles analakwitsa chinthu chimodzi: anabwera pa doko.

M'mawa mwake a Makina anaitana Jonasi pamphasa.

"Taona apa, iwe. Awa ndi agogo ako. Awa ndi agogo a Eveles. Awiriwa anayamwa bere limodzi. Mtsikana uja ndi mlongo wako."

"Ndi nsomba iti ikunena zimenezo, madala?"

"Iyi ili pamwambayi."

Jonasi anaitola, n'kuitafuna mpaka mutu, n'kumeza.

"Tsopano ikuti chiyani?"

"Ikuti wadya mayi wa agogo ako wopanda mchere. Koma Eveles akadali mlongo wako."

Akuluakulu atafufuza anapeza kuti nsombayo sinaname. Ukwati unathera pomwepo, ndipo Jonasi anatha zaka ziwiri akumuka pa doko modzera kuseri kwa mabango kuti asapatsane moni ndi a Makina.

Mu 1995 nyanja inauma. Mabwato anagona chafufumimba pa dothi long'aluka. Ku ofesi ya za nsomba, kumene ine ndinali kalaliki, tinapitiriza kudzaza mafomu a nsomba zogwidwa mwezi ndi mwezi, tikulemba ziro mwaukhondo, ndipo kulikulu anatiyamikira chifukwa chotumiza malipoti pa nthawi yake. Mudzi wonse unali pa chisoni kupatula munthu mmodzi.

"Mulungu wanditsegulira msewu," anatero a Makina. Anamanga chinangwa m'kansanza, n'kuuyamba wapansi kudutsa pamene panali madzi, kulowera ku Mozambique.

Anabwerako patatha masabata atatu, mapazi atang'aluka ngati nyanjayo, pambuyo pawo pakubwera amayi awiri okalamba ndi bambo wina wotsimphina.

"Ndi anu amenewa?" anafunsa mayi Anastazia, akuyang'ana m'nkhokwe ndi diso limodzi.

"Ayi. Anga sanapezeke. Amayiwa, mmodzi ndi wa banja la kwa Goliati, winayu wa banja la kwa Ufulu. Bambowa ndi malume a Jonasi, aja anasowa nthawi ya nkhondo."

Jonasi atamva anabwera akuthamanga. Anagwira malume akewo n'kulira ngati mwana. Kenako anatembenukira kwa a Makina.

"Madala, inu mumandilanda mkazi n'kundipatsa malume. Malume ndiwatani?"

"Adzakuyankhulira ukapeza mkazi wina. Koma uyambe wabwera naye kwa ine."

Chaka cha kalembera, 1998, boma linatitumizira bambo Kaliati ochokera ku Dedza, a tayi ndi chikwama cha mafomu. Anawalangiza kuti aziwerenga nyumba makumi awiri pa tsiku. Mwatsoka anayambira pa nyumba ya a Makina.

"Malo obadwira?"

"Eya! Ndimadikira munthu wa boma kuti andiuze zimenezo."

"Bambo, funso ndafunsa ndine. Bokosili likufuna dzina la malo."

"Mulibe m'chikwamamo? Tayang'anani bwino."

Bambo Kaliati anasanthula buku la malangizo, tsamba ndi tsamba, n'kulemba kuti "Sizikudziwika."

"Ndiye boma nalonso silidziwa?" anadabwa a Makina. "Nanga magalimoto onsewa ndi a chiyani? Chabwino, khalani pansi. Mayi anu ndani?"

Pofika masana bambo Kaliati anali atavula tayi, atadziwa kuti agogo awo aakazi anachokera kunsi kwa phiri la Michesi, ndiponso kuti mayi wogulitsa zitumbuwa pa doko ndi msuweni wawo. Tsiku limenelo anawerenga nyumba imodzi. Mu lipoti analemba kuti derali ndi lovuta mayendedwe.

Madzi anabwerera, matemba anabwerera, koma a Makina miyendo inayamba kukana. Ankawakhazika pa bwato lakale lovundikira, ndipo alendo ankapita okha kukaonekera. Funso linali lomwe lija, koma mawu anali atachepa. Tsiku lina ndinawapeza mphasa ili yopanda kanthu.

"Lero simukuyala, madala?" ndinafunsa.

"Aphiri, ndayala mudzi wonse uno. Ine ndekha sindidziwa pondiika."

Anamwalira mu Febuluwale wa 2003, m'mawa, mvula ikuwaza. Tinasonkhana pasiwa tikuyang'ana pansi, aliyense akuopa funso limodzi: adzawatenga ndani? Woyamba kuimirira anali Jonasi, amene tsopano anali mwini mbumba wa kwawo.

"Ife tabwera kudzatenga malume athu. Adzukulu akumba kale."

"Malume anu kuyambira liti?" anafunsa mkulu wa kwa Goliati. "Amenewa ndi athu. Anatibweretsera mayi athu aang'ono wapansi. Kwathunso akumba."

"Inu mwakumba pa madzi," anatero a kwa Ufulu. "Manda athu ali pa mtunda. Munthu wadwala miyendo, mukufuna akagone ponyowa?"

Anakangana mpaka dzuwa kupendeka. Aliyense anali ndi mbiri yake yosonyeza kuti malemuwo anali magazi awo enieni, ndipo mbiri zonsezo zinali zabodza loyera, loti mwini wakeyo akadalimva akadadzuka kudzakonza. Pamapeto mayi Anastazia anatuluka m'nyumba, atamanga nsalu m'chiuno.

"Mwatha? Munthu uyu wadya kwathu zaka makumi anayi ndi zitatu. Walima munda wanga, wakumba manda a mayi anga. Akadali mlendo? Akagona kwathu, pambali pamene ndidzagone ine. Amene akuti mwambo ukukana abwere adzandiuze pamaso."

Palibe anabwera. Mwambo nawo, poona nkhope ya mayiyo, unapatuka panjira.

Ndiye munthu amene anakhala moyo wake wonse akuopa kusowa manda anakumbiridwa anayi. Popeza dzenje la manda silikwiriridwa lopanda kanthu, m'maenje atatu enawo anaikamo mathunthu a nthochi, ndipo banja lililonse linaimba nyimbo pa thunthu lake mosachita manyazi. Mpaka lero, nthawi yolambula kumanda, mabanja onse anayi amapalira pa a Makina awo.

Pa doko zinthu zikuyenda mwachangu masiku ano. Bwato likafika, anthu amatsika, amagula, amakweza matumba pa njinga n'kumapita ku Chiringa dzuwa lisanatenthe. Amalonda akuti zili bwino choncho. Mwina. Koma ndimawaona achinyamata awiri akukankhana polimbirana dengu la matemba, mphuno zawo zofanana ngati anazidula ndi mpeni umodzi, akutukwanizana mpaka kutchulana amayi. Ndipo pa doko lonse palibe woti awauze kuti akutukwana mayi mmodzi.