Tsiku limene galimoto inandiulula kwa apongozi

Anzanga, inu amene mumandifunsa chifukwa chake masiku ano takisi yanga imayenda ziii ngati galimoto yamaliro, khalani pansi ndikuuzeni, koma woseka aseke pang'ono, chifukwa mkazi wanga mpaka lero sanabwerere.

Mwansa anachoka mwezi wozizira uja, ndipo wolakwa ndi pakamwa pangapa. Ine ndinabadwa ndi matenda otsanzira anthu. Munthu akangolankhula kawiri pafupi nane, basi mawu ake alowa kukhosi kwanga, sindichitira dala. Ndili kondakitala pa minibasi za ku George, komboni ya mu Lusaka, ndinkatsanzira apolisi mpaka madalaivala kumaima okha pamsewu. Ndiye pa ukwati wa msuweni wake anandipatsa maiki, ine n'kuyamba kutsanzira mmene Mwansa amapempherera, pamaso pa azimayi onse a kutchalitchi kwake. Anthu anaseka mpaka mayi wina kugwa pampando. Iye sanaseke. Kutacha ananyamula chikwama.

"Ba Daliso, kwa imwe vonse ni nthabwala," anatero ali pakhomo. "Na ine nine nthabwala chabe."

Basi, ulendo wa ku Mtendere kwa makolo ake.

Mumadziwa kukula kwa nyumba ya zipinda ziwiri mkazi akachoka? Imasanduka holo! Mapatapata ake anatsala pakhomo, ndipo ine ndimawadumpha polowa ndi potuluka, kuopa kuwasuntha. M'mawa ndimadzuka ndekha nthawi imene iye ankasesa pabwalo uku akuimba kanyimbo kake kosalongosoka, n'kumvetsera, koma kumangomveka tambala wa alandilodi. Ndinadya buledi ndi mazira mpaka nkhuku za mu komboni zinayamba kundiyang'ana moipa.

Patatha miyezi iwiri ndinapita kwa ba Sakala, amene anali shibukombe wa ukwati wathu, nkhoswe tinene. Iwo anayenda ulendo katatu ku Mtendere, kachinayi n'kubwera ndi yankho.

"Pa Sande uzawatenga ku chechi na motoka, bapongozi bako bonse babili na mkazi wako, uwapeleke ku Matero kwa bamalume bake. Ni kwamene tizakambira mlandu. Mu njira usakambe, wamvera? Olo kukhosomola monga munthu wina, awe. Bafuna baone ngati wakula. Tikafika ugwade, ukambe mau yang'ono. Yamba manje kukonzekera."

Nkhani yosavuta, si choncho? Kuyendetsa, kutseka pakamwa, kugwada.

Tsono ndikuuzeni za galimotoyo. Abwana anga anaiitanitsa ku Japani, ndipo wailesi yake si wailesi ayi, ndi galasi ngati la foni, lopanda ndi kotembenuza komwe. Zolembedwa zonse zili m'Chijapani, timizere ngati mopalasa nkhuku. Ukailiza, mumatuluka mawu a mayi wa Chijapani, aulemu kwambiri, ndipo mpaka pano sindidziwa ngati amandipatsa moni kapena amanditukwana. Mapu ake amaonetsa kuti tili pakati pa nyanja, ngakhale titaima pa fumbi la ku Kanyama. Ndinapita nayo kwa ba Febby, mayi wokonza mafoni mu tauni, kuti nyimbo za mu foni yanga zizimveka m'masipika. Anadina apa ndi apo osawerenga n'komwe, n'kundiuza kuti:

"Mu foni muli kaubongo kake, mu motoka namo muli kake, ndiye sisitimu yamene mumamvera. Nazidziwitsa kamodzi chabe, manje zizipezana zokha. Mukaliza motoka, motoka izafunsa foni ati, unali kuimba chani? Foni izapereka. Imwe sizizakufunsani."

Ine n'kuwomba m'manja. Ndinati chitukuko!

Loweruka masana, nditatsuka galimoto, ndinakhala pamkeka m'nyumba kuti ndikonzekere mawu. Ndinaganiza kuti ndizidzijambula mawu pa foni, ndimve ngati ndikumveka wolapa. Ndinayamba bwino: "Batata, bamayo, nalakwa." Koma kupepesa khoma n'kovuta, pamafunika wina wokuyankha. Ndiye ndinati ndiikemo pang'ono chabe mawu a ba Chileshe, apongozi anga aamuna, amene anapuma ntchito ku migodi ya ku Mufulira. Pang'ono chabe! Atabwera ba Chileshe, akazi awo akanatsala bwanji? Ndinajambula kwa nthawi yaitali, kenako ndinamvetsera koyambirira kokha, n'kuimitsa, n'kupita kukasita malaya. Kufufuta? Ndani anaganiza za kufufuta?

Lamulungu ndinavala malaya oyera, ndinatenga ba Sakala, n'kukaima pa tchalitchi ku Mtendere. Ba Sakala anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Foni ili kuti? Ingalire pamaso pa bakulu. Iike kutali."

Ndinaiika m'jekete, jekete ndinaiika ku buti, buti ndinatseka, n'kudziona wanzeru.

Anatuluka. Mwansa anali m'chitenje chobiriwira chimene sindinachionepo, ndipo mtima wanga unagunda ngati injini yopanda oilo. Sanandiyang'ane. Ndinagwada pafumbi, ndinawomba m'manja, ndinatsegula zitseko. Ba Chileshe kutsogolo pambali panga, kumbuyo akazi awo, bamayo, Mwansa pakati, ba Sakala kumapeto. Ndinaliza galimoto.

Mayi wa Chijapani uja anapereka moni wake.

"Ni ndani uyo mukazi?" anafunsa bamayo.

Ndinayang'ana ba Sakala pa galasi loonera kumbuyo, pakuti ndinaletsedwa kulankhula. "Ni wa mu motoka, bamayo, anabwera nayo," anayankha iwo. Bamayo anatsonya.

Tinalowa mumsewu waukulu, magalimoto ali thothotho chifukwa matchalitchi onse anali atangoweruka. Pa galasi la wailesi panatuluka kachizindikiro kabuluu, kakuphethira. Kanaphethira kawiri, n'kusiya. Kenako m'masipika onse anayi munamveka munthu akukonza kukhosi katatu.

"Hrrm. Hrrm. Hrrm. Ife ku migodi tinali na disipulini!"

Ba Chileshe anatembenukira kumbuyo kuti aone amene walankhula. Anayang'ananso kutsogolo. Anagwira pakhosi pawo.

"Ife ku migodi," anapitiriza masipika, "mwamuna anali kuseka kamodzi pa chaka, pa Khisimisi, ndipo anali kupempha chilolezo kwa kapitawo!"

Mayo ine! Thukuta linatuluka mpaka m'zikhadabo. Ndinadina galasi pamene ndinkaganiza kuti ndi pozimitsira, mawu n'kukwera. Ndinadina pena, anakweranso. Mawindo anali otsegula chifukwa cha kutentha, ndiye anthu oyembekezera basi pa Kalingalinga anayamba kutembenuka, kondakitala wina n'kukuwa, "Bakambe ba mudala!" Ndinadina kachitatu, panatuluka mapu, ife tili pakati pa nyanja. Ndinalakalaka zikanakhala zoona, tingomira. Ndinadina kachinayi, chinthucho chinabwerera m'mbuyo.

"Hrrm. Hrrm. Hrrm."

"Zimya foni, iwe!" ananong'ona ba Sakala, kunong'ona kwake komveka mpaka kunja.

"Ili ku buti, ba Sakala! Ndimwe munakamba!"

Lamulo losalankhula linathera pomwepo. Ndinayatsa indiketa kuti ndiime pambali ndizimitse injini, koma dzanja lolemera, dzanja loswa miyala, linagwira chiwongolero.

"Yendetsa," anatero ba Chileshe enieni. "Nifuna nimvere vamene nakamba."

Mukanatani inu? Ndinayendetsa. Ba Chileshe a m'masipika anafotokoza mmene anagwirira denga la mgodi ndi phewa limodzi uku akudya chikanda ndi dzanja linalo. Ba Chileshe a pampando anangoti duu, nsagwada zikutakataka. Ndiye kunamveka kutsonya kwakutali, kuja kumayambira ku Mtendere n'kukathera ku Chawama, ndipo ndinadziwa kuti imfa yanga yafika.

"Mwana wanga anachoka kuno wonenepa monga nkhuku ya Khisimisi," anatero mawu opyapyala, "manje wabwela wouma monga kapenta! Ine mu chechi sinigona, nimatseka chabe menso kuti nimvere bwino. Kulira kwa mphuno ni amen wanga!"

Pa galasi ndinaona bamayo akukonza duku pang'onopang'ono, ngati msilikali akukonza chipewa. Ba Sakala anatulutsa mutu pawindo, kuyang'ana mitengo ngati sanaionepo. Koma pambali panga panayamba kugwedezeka. Ba Chileshe! Mapewa akunjenjemera, milomo aluma, misozi ili m'maso.

"Bashi Mwansa, museka?" bamayo anafunsa amuna awo.

"Awe, nikhosomola. Ni fumbi."

"Ni fumbi ya bwanji yamene ikondweretsa so?"

Ndinkapemphera kuti batire la foni lithe, foni imene tsiku lililonse imazima ikafika pakati. Tsiku limenelo inali ndi mphamvu ngati yadya kawiri.

Kenako masipika anakhala chete. Ndinapuma, ndinati zatha. Ndinali nditaiwala, anzanga, kapena ndinene kuti ndinkafuna kuiwala, zimene ndinachita kumapeto Loweruka lija. Munamveka mawu otsika, ofatsa, aja amakwera pang'ono kothera.

"Ba Daliso, mwadya?"

Ndi funso limene Mwansa ankandifunsa tsiku lililonse ndikamalowa m'nyumba, ngakhale titayambana. Miyezi iwiri palibe anandifunsa, ndiye ndinadzifunsa ndekha ndi mawu ake. Apa sindinawonjezere kanthu, panalibe nthabwala. Ndipo munamveka ine, ine weniweni, ndikuyankha.

"Sininadye, Mwansa."

"Chifukwa?"

"Vakudya vilibe taste ngati kulibe wonikalipira kuti nasiya mbale pansi. Mapatapata yako yakali pa khomo, sininayagwire. Nayesa kuimba kanyimbo kako kosesela, nikwanisa mau ya bonse mu Lusaka koma kaja kanikanga. Bwela chabe uimbe, olo usanikambise."

Kenako kulira. Osati kulira kwa mwamuna kuja kwa kachetechete, ayi, kulira kwa mbuzi yokodwa mu waya, ndi kufwenthera komwe, ndipo masipika a ku Japani ndi abwino, anzanga, amatulutsa chilichonse bwinobwino. Tinali titaima pa maloboti. Mayi wogulitsa nthochi anasuzumira pawindo n'kufunsa, "Maliro yali kuti?"

Ndinaba kuyang'ana pa galasi. Mwansa anali ataweramitsa mutu, akupinda ndi kupindula nsonga ya chitenje, ndipo sindinathe kudziwa ngati akulira kapena akuseka. Tinafika choncho ku Matero.

Mlandu sunatenge nthawi. Ndinagwada pasimenti, mawu onse ndinakonzekera aja atathawa. Amalume ake a Mwansa atafunsa kuti mkamwini anene mbali yake, ba Chileshe anati, "Akamba kudala mu njira, tamvera vonse, na vamene sitinafunse." Anatinso kwa iwo mwana abwerere kunyumba kwake, munthu wolira chotero sanama. Koma bamayo anaimika dzanja.

"Mwezi wina. Aphunzire kuti ine mu chechi sinigona."

Ba Sakala anayesa kuchonderera, bamayo anatsonya, ndipo kunena zoona anatsonya ndendende mmene ndinawatsanzirira, moti ba Chileshe anathawira kuseri kwa nyumba kukaseka.

Potuluka, Mwansa anadutsa pafupi nane atanyamula mbale. Sanaime, sanandiyang'ane, anangolankhula motsitsa ngati akuuza mbalezo.

"Ine sinikamba so. Mwachita monga nili na chimfine." Anayenda masitepe awiri. "Mu kabati pansi muli nyemba. Muziphika, mwayonda."

Anzanga, mawu amenewo ndawanyamula masabata atatu tsopano, ndimawabwereza m'mutu mokha, pakamwa ayi. Kwatsala masiku asanu ndi anayi, ndipo nyemba ndapsereza kawiri.

Ndikutsegula galimoto kuti ndizipita, ba Chileshe ananditsatira mpaka pa geti, nkhope ili gwa. Ndinati basi, mbama ya ku migodi ija yafika, ndinatseka maso. Anayang'ana kumbuyo, anayang'ana uku ndi uku, n'kuweramira kukhutu kwanga.

"Mupongozi, kaja ka banyina Mwansa. Ka mu chechi. Unganitumileko pa foni?"

Ndinakana! Ndinati batata, mwezi umodzi wanikwana, mufuna chikhale chaka?

Lolemba m'mawa ndinali kale kwa ba Febby kuti azilekanitse ziwirizo, foni ndi galimoto, ukwati wawo uthe zisadzadziwanenso. Ndipo ndalumbira: kudzijambula mawu, ine, sindidzayambiranso. Masiku ano ndikafuna kulira ndimasiya foni pansi pa pilo, galimoto ndimaiimika kwa aneba, ndimapita kuseri kwa chimbudzi, ndipo ngakhale kumeneko ndimayamba ndayang'ana ngati palibe kachizindikiro kabuluu kakuphethira.