Mmene Ndinatengera Kwaya ya Amayi ku Bala

Ndiyambe ndi kunena kuti pulani yanga inalibe vuto. Mpaka lero ndikaiganizira ndimadziyamikira ndekha. Kungoti anthu amene ndinawatchera msampha sanachite zimene anthu abwinobwino akanachita.

Amayi anga ndi tcheya wa kwaya ya amayi ya kumpingo kwathu kuno ku Glasgow, ndipo ine ndine woimba kiyibodi wawo. Palibe amene anandifunsa. Tsiku lina ndinangolakwitsa kuimba kanyimbo kamodzi pabalaza pali alendo, basi ntchito ndinaipeza, yopanda tchuthi. Loweruka lililonse masana, anzanga akukwera sitima yapansi kupita ku Hillhead kukazungulira m'mashopu ndi kudya tchipisi, ine ndimakhala m'kaholo ka tchalitchi, azimayi akukangana ngati alito ndiyo yalowa msanga kapena sopulano ndiyo yachedwa. Foni ikungonjenjemera m'thumba. Mwendo wanga nawo ukungogwedezeka pansi pa kiyibodi ngati ukupalasa makina osokera.

Ndinayesa kudzidwalitsa (amayi ndi namwino, musadzayese). Ndinayesa kuimba molakwitsa dala, koma Mayi Kachingwe anangoti, "Mwanayu akufunika pulakatisi yambiri," nthawi n'kuwonjezeredwa. Mayi Kachingwe ndi wamkulu pa onse m'kwayamo. Ndi mayi amene analavula keke ya paukwati atamva kuti wophika anathiramo kadontho ka vinyo.

Ndinazindikira kuti kusiya ndekha sikungatheke. Njira inali imodzi: andichotse okha. Ndipalamule mlandu waukulu woti azimayi onse anene ndi pakamwa pamodzi kuti mwana uyu asadzayandikirenso kwaya yathu. Ndikatero Loweruka langa libwerere.

Mwayi unabwera kudzera m'paipi. Kutazizira kwambiri paipi ya m'kaholo kaja inaphulika, madzi n'kudzaza pansi ponse. Amayi anafika kunyumba akudandaula kuti Isitala ikubwera, nyimbo sizinapse, ndipo malo onse amene afunsa ndi kutali.

"Iwe umakhalira kukanda foni," anatero, "tipezere malo. Otentha, oyandikira basi."

Ndinati, "Musadandaule, amayi," ndi mawu a mwana womvera.

Pakona pa msewu wathu ku Govan pali kabala kakang'ono. Mwini wake ndi Morag, mayi ake a Erin, mnzanga wa m'kalasi (Moragyo amakana kutchulidwa anti kapena mayi, amati zimamukalambitsa). Ndinali nditalowamo kangapo masana kudikira Erin, ndipo musathamangire kukandinenera, ana amaloledwa masana bola akhale mbali yodyera. Si bala yooneka bwino ayi. Kapeti yake inaona zambiri. Mipando palibe wofanana ndi unzake. Koma mumafunda, aliyense amadziwa dzina la mnzake ndi matenda ake omwe, galu wa winawake amagona pafupi ndi hita, ndipo Loweruka masana madala ena amabwera ndi akodiyoni ndi vayolini. Ndinamufunsa Morag ngati azimayi ena oimba angabwereke chipinda chakumbuyo. Anati abwere, bola asamenyane.

Amayi ndinawauza kuti ndapeza holo ya anthu a m'dera, pakona pomwepa. Silinali bodza kwenikweni. Anthu a m'dera amapezekadi mmenemo.

Loweruka litafika zinthu zinandiyendera kuposa mmene ndinapempherera. Azimayi anayamba apita kukaona mnzawo wodwala, ndiye onse anabwera mu yunifolomu: mabulauzi oyera, maduku oyera, masiketi akuda, mabuku a nyimbo m'khwapa. Mvula ya kuno ija yogwa chammbali inali itayamba. Ine patsogolo, kiyibodi paphewa, ndikuyenda ngati wotsogolera gulu la nkhondo. Tinakhota pakona. Pawindo zikwangwani za mowa zikuwala, pakhomo bambo wina akusuta fodya atabisala mvula.

Gulu lonse linaima.

"A Tcheya," anatero Mayi Kachingwe, "kodi ndi magalasi angawa akundinamiza?"

Amayi ananditembenukira. Ine ndinavala nkhope ya mwana wosadziwa kanthu, pamene mumtima ndinali nditayamba kale kusankha jekete yovala ku Hillhead sabata yotsatira.

Ndiye chitseko chinatseguka. Morag anatuluka, thaulo paphewa, akulankhula Chingerezi chake cha ku Govan chimene amayi amangomva theka.

"Mwafika. Lowani, mukunyowa. Bweretsani ambulera ameneyo."

Mayi Kachingwe asanatsegule pakamwa, ambulera wawo anali atalandiridwa kale n'kulowa m'kati. Chikwama cha mayi wina chinatsatira. Apa ndi pamene pulani yanga inayambira kutsimphina. Ine ndinachoka ku Malawi ndili kupulayimale, zina ndinaiwala. Kwathu mwini nyumba akakutulukira, n'kukulandira katundu, sungabwerere pakhomo. Ngakhale nyumbayo ikhale ya mfiti.

"Tilowe tipereke moni, kenako tizipita," anatero amayi. "Kubwerera pano ndi mwano."

"Moni yekha," anatero Mayi Kachingwe. "Ndipo ndikatenge ambulera wanga."

Chachiwiri chimene ndinaiwala n'chakuti moni wa azimayi a kwathu saperekedwa wa chigulu. Mzungu akalowa m'bala amangogwedeza mutu, wathana nazo. Awa anandandalika mzere ngati pamaliro, n'kuyamba tebulo loyamba. Munthu aliyense dzanja, mawondo atapindidwa pang'ono, dzanja lamanzere litagwira chigongono. Madala aja anadzidzimuka n'kuyamba kuimirira, mipando ikugwa. Wina anabisa tambula yake pansi pa chipewa. Wina wa zojambula pakhosi ponse ananena kuti pepani asanafunsidwe chilichonse.

Zikanathera pomwepo zikanakhala bwino. Koma moni wathu uli ndi mchira: kunyumba ali bwanji, nanga ana, nanga m'thupi. Kuno munthu akakufunsa zimenezo sadikira yankho. Azimayi aja ankadikira, atagwirabe dzanja. Madala amene mwina palibe anawafunsapo zimenezi chimwalirireni akazi awo anayamba kuyankha. Wina za bondo lake. Wina za mwana wake wamkazi amene anapita ku Australia ndipo saimba foni. Ndinaona amayi atagwada akupinda buluku la munthu kuti aone mwendo wotupa, akumukalipira kuti Lolemba apite kwa dokotala.

Ine ndinaima pakati ndi kiyibodi, ndikusinthasintha mapewa, ndikuyang'ana kuchitseko. Mkwiyo umene ndinaitanitsa unkachedwa.

"Anti," ndinawanong'oneza Mayi Kachingwe, "mwaona kuti muno akugulitsa mowa?"

"Ndili ndi mphuno, mwanawe."

Chipinda chakumbuyo chija chinalibe chitseko, inali mbali chabe ya bala yomweyo. Soketi yamagetsi inali imodzi, pafupi ndi kauntala, ndiye ine anandikhazika pambali pa mipopi ya mowa. Tisanakhale bwinobwino Morag anabwera ndi tiyi m'tipoti wamkulu ndi masikono otentha. Anakana kumva zokana.

"Tamwa tiyi wa eni ake," anatero mayi wina wa sopulano, pakamwa pali sikono. "Tichoka bwanji osawaimbira ngakhale imodzi?"

"Ngati tiimba, tiyamba ndi pemphero," anatero Mayi Kachingwe, n'kuimirira.

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinkawadziwa mapemphero awo. Anayamba m'Chichewa, kenako anasinthira ku Chingerezi kuti uthenga usaphonye eni ake. Anapempherera zidakwa. Anapempherera chiwindi cha aliyense amene anali mmenemo. Anapempha kuti mowa uwawe m'kamwa mwawo ngati ndulu. Ine diso limodzi lili chitsegulire, ndikudikira kuti Morag atithamangitse, amayi achite manyazi, mlandu ugwere ine.

Koma bala ija ili ndi lamulo lake limene sindinkalidziwa. Munthu akaimirira kuti aimbe kapena alankhule, Morag amazimitsa wailesi ya kanema, ndipo wina akangotsokomola amayang'anidwa ndi anthu onse. Ndiye munangoti zii. Zipewa zinavulidwa. Pemphero litatha, mdala wa akodiyoni uja, a Archie, amene anakalambira kuwotcherera zitsulo kumalo okonzera sitima zapamadzi, anati "Ameni" mokweza, n'kupukuta m'maso.

"Ndendende malemu mayi anga," anatero. "Nawonso ankanditukwana m'pemphero."

Anakweza tambula kwa Mayi Kachingwe ngati ulemu, n'kumwa. Mayi Kachingwe anasowa poyang'ana.

Kenako a Archie anakoka akodiyoni yawo pang'onopang'ono. Anati ndi kanyimbo kamene ankaimba ku Sande sukulu ali mwana, mawu ake ena anaiwala. Atangoimba mzere woyamba ndinaona maduku akutembenuka. Inali nyimbo ya m'buku lathu lomwe lija, imodzi mwa zimene amishoni a kuno anapita nazo kwathu kalekale. Ife timaiimba m'Chichewa, ndipo ine ndinkayesa kuti ndi yathu.

Tsono mayi wa kwaya wa ku Malawi ukhoza kumumana chilichonse, koma sungamuyambire nyimbo iye n'kuisiya ili lende. Ndinawayang'anitsitsa Mayi Kachingwe, chiyembekezo changa chomaliza. Milomo anaimanga. Manja anapinda pachifuwa. Phazi ndi limene linawapereka, linayamba kugunda pansi lokha. Mzere wachiwiri alito inatulukira m'mphuno. Mzere wachitatu anali ataimirira, buku lili m'manja osatsegula, ndipo kwaya yonse inalowa.

Madala aja analowanso, m'Chingerezi, ndi mawu a pansi okhuthala ndi fodya. Besi! Chinthu chimene kwaya ya amayi yakhala ikulira chiyambire. Zinenero ziwiri, nyimbo imodzi, matambula akunjenjemera pa shelefu. Amayi anandikodola ndi chibwano kuti ndilowe ndi kiyibodi, ndipo ndikuvomera, zala zanga zinalowa zisanandifunse. Itatha wina anaimba nthungululu, galu uja anadzuka n'kuyamba kuuwa, wa zojambula pakhosi akufunsa ngati angaphunzitsidwe kachitidwe kake.

Anaimba ina. Anaimbanso ina. Wa vayolini anaimba yovina ya kwawo, azimayi n'kuipezera m'manja mwa Chimalawi. Foni yanga inasiya kunjenjemera, kusonyeza kuti anzanga anali atanditaya.

Ndiye kunabwera lamulo lachiwiri la bala ija. Pa Loweruka aliyense amene wakhala m'bwalo la oimba amapereka nyimbo yake, yekha, kaya amatha kaya satha.

"Nanga kamtsikana ka kiyibodi?" anafunsa a Archie.

Ine kiyibodi ndimaitha. Pakamwa ndi nkhani ina. Aphunzitsi a kusukulu anandipemphapo mwaulemu kuti pa nyimbo za Khirisimasi ndizingoyendetsa milomo.

"Ine sindiimba," ndinatero.

"Aimbe," anatero Mayi Kachingwe, akuthira shuga m'kapu yachiwiri. "Si ndiye watibweretsa?"

Morag anagogoda tambula ndi supuni. Munangoti zii kachiwiri, zii yemwe uja waulemu, amene tsopano ndinamuda. Ndinaimirira n'kuimba kanyimbo ka ku Sande sukulu, kokhako kamene kanabwera m'mutu. Ndinayambira pamwamba kwambiri, pakati mawu anathyoka ngati bango, ndinatsikira pansi pomwe kunalibenso njira. Galu anapita kukakanda chitseko kuti atuluke. Nditakweza maso ndinaona Erin ali pamasitepe, foni ili m'mwamba, akulira ndi kuseka. (Pofika Lolemba kalasi yonse inali itaiona vidiyo yake. Mpaka pano ndikamadutsa pakhonde la sukulu ena amauwa.) A Archie anandisisita paphewa n'kunena kuti kulimba mtima ndi mphatsonso.

Pobwerera tinali awiri ndi amayi, kusanade, mvula itasiya. Ndinaganiza kuti mwina mpata udakalipo, ndingowathandiza kupereka chigamulo.

"Amayi, ndalakwa kwambiri. Ndakuchititsani manyazi. Ndikuona kuti sindikuyeneranso kuimbira kwaya yopatulika ngati imeneyi."

Anaima, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Iwe, basi yanga yopita kuchipatala ndimakwerera pati?"

Siteji yake ili moyang'anana ndi khomo la Morag.

"Utangonena kuti holo ya pakona ndinadziwa. Pakona pali holo yanji?"

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Ndinene chiyani? Malo otentha, basi ikuima pakhomo, Isitala ili pafupi. Tcheya sangaimirire pamaso pa Mayi Kachingwe n'kunena kuti amayi tiyeni ku bala. Mawa lake utcheya watha. Koma mwana wopulupudza akasocheretsa gulu, timangoti ana a masiku ano." Anakonza duku lawo. "Nyamula bwino kiyibodiyo, ukuigunditsa. Loweruka tiyamba msanga, a Archie akufuna muyambe mwagwirizana makiyi."

Paipi ija anaikonza kalekale, koma palibe amene watchulapo zobwerera ku kaholo. Mayi Kachingwe anafotokozera abusa kuti ndi utumiki wa kwa otayika, ndipo ali ndi mpando wawowawo pafupi ndi hita umene ngakhale galu amaulemekeza. Wosiya mowa sindinamuonebe, koma pa Isitala mzere wakumbuyo m'tchalitchi munakhala madala a matayi okhota akuimba besi. Pulakatisi imayamba msanga, imatha mochedwa, chifukwa kwaya ikamaliza wa vayolini nayenso amafuna kiyibodi. Ku Hillhead ndimangokuona pa zithunzi za anzanga.

Erin amandifunsa ngati ndinalapa. Ndilape chiyani? Ndi ana angati amene analowetsapo Mayi Kachingwe m'bala, atavala yunifolomu, masana dzuwa likanakhalapo likuswa mtengo? Chimene ndinaphunzira n'chimodzi chokha, ndipo ndikupatsani chaulere: usanamutchere msampha mayi amene anakubereka, yamba wafufuza pamene amakwerera basi.