Zikhomo Zanu Zili m'Sutikesi, Bwana

Kwa Olemekezeka Mkulu wa Bungwe Lofufuza za Soya,

Bwana,

Ndine mlembi wa kalabu ya alimi 38, munthu wa sukulu yochepa. Mundikhululukire polemba poyera. Makalata anga anayi oyamba ayenera kuti akufufuzidwa kaye.

Choyamba, ndikuthokoza kuti mumatilola kuthandiza nawo asayansi. Kwa zaka zitatu mwakhala mukutapa makilo awiri pa thumba lililonse la soya lomwe tagulitsa. Kalabu yathu yokha yapereka makilo 1,146. Sitidandaula. Thumba limapepuka ponyamula.

Chachiwiri, ndikuthokoza ulemu wa pa 9 Disembala, pomwe anyamata anu anasankha munda wanga kukhala woyeserapo mbewu. Anadzala mitundu isanu ndi umodzi, uliwonse pa kadimba kake, nakhomapo zikhomo zathabwa zolembedwa mayina. Anandijambula nditagwira khasu la m'galimoto mwawo, nalitenganso. Anati abwera pakatha masiku 14, ndipo ndisagulitse kapena kugawa mbewuyo asanaiyeze okha. Lero ndi tsiku la 331.

Chachitatu ndi changa, ndipo ndikuchilemba nkhope ili pansi. Pa 22 Januwale ndinapeza chiswe chayamba kudya zikhomo zija. Ndinaganiza kuti katundu wa bungwe sangawonongekere m'manja mwanga. Ndinazizula zonse, ndinazipukuta, n'kuzikulunga m'nsalu ya patebulo, n'kuziika m'sutikesi momwe mumakhala jekete langa laukwati. M'kope ndinalemba tsiku, ola, ngakhalenso mbali yomwe chiswe chinayambira. Chomwe sindinalembe n'chakuti chikhomo chiti chinali pa kadimba kati.

Mwina sizikanadziwika, koma kadimba kachinayi kanandiyalutsa. Timadimba tina tonse tinatulutsa makilo apakati pa 17 ndi 23. Iko kanatulutsa 41. Anthu ankapatuka pamsewu kudzaona. Tsopano anzanga onse 37 a m'kalabu akufuna kukagula mtundu umenewo mvula isanagwe, ndipo akufunsa ine dzina lake. Ndikawayalira zikhomo zisanu ndi chimodzi pamkeka, zoyera bwino, amandiyang'ana ngati ndawaonetsa mano a agogo awo. Alamu anga, omwe ndi wapampando, anandiyamikira pamsonkhano kuti ndine mlimi woyamba kukolola matabwa. Akuti pa 20 mwezi uno asankha mlembi wina. Ndinalemba ndekha mfundo imeneyo m'buku la msonkhano, ndipo sindinaphonye chilembo.

Chachinayi, matumba asanu ndi limodzi a zokolola za timadimbato ali kuchipinda kwathu, osakhudzidwa, monga munalamulira. Mayi a kunyumba amachita kudutsa chammbali popita pabedi. Paja anyamata anu anatiphunzitsa kuti mbewu ya soya ikakhalitsa simera. Ndinawakumbutsa mayiwa zimenezi pofuna kuwaonetsa kuti nkhaniyi ndi yasayansi. Anangoti, “Bambo ake, inu mukanakhala chiswe bwenzi tikudziwako chikhomo chomwe chinatsala.” Ndaganizira mawuwa masiku asanu ndi atatu, ndipo sindinapezemo cholakwika.

Sindikuloza chala, Bwana. Wozula zikhomo ndine. Kungoti m'galimoto muja munali mnyamata wa magalasi yemwe anajambula mapu a munda wonse m'buku lachikuto chofiira. Tinamuona tonse. Ndikhulupirira bukulo likusungidwa mosamala ngati momwe ndasungira zikhomo, pakuti ndaona kuti pa kasungidwe ka zinthu ine ndi bungwe lanu tinaphunzira sukulu imodzi.

Pempho langa ndi laling'ono. Wina atsegule bukulo, aone dzina la kadimba kachinayi kuchokera kumsewu, atitumizire pasanafike pa 20. Ndi mawu amodzi okha. Ngati mawu amodzi ndi okwera mtengo kuposa makilo 1,146, tiuzeni otsalawo, tisonkha.

Zikakanika, musavutike mtima. Mvula ikagwa ndidzadzala zikhomozo, popeza pa zaka zitatu za kafukufuku wathu, ndi zokhazo zomwe zafika m'manja mwa mlimi.

Ine wanu wosunga katundu mokhulupirika,

Mlembi wa kalabu (mpaka pa 20)