Gitala ya Abambo a Yamikani Isakome

Lolemba, 9 Juni

Ndikulemba mothamanga, Yamikani ali kumsana.

Abambo a Yamikani apanga gitala. Galoni ya mafuta ophikira, thabwa la pakhola la mbuzi, mawaya anayi a mabuleki a njinga yathu. Njinga tsopano ikuima ndi chidendene. Loweruka pa Kamwendo pakubwera Kadzidzi, woimba gitala wa ku Chipata uja, amene kaseti yake imalira m'nyumba muno mpaka mabatire kufa. Akuti akufuna womuthandiza kuimba. Amuna anga akuti munthuyo ndi iwowo.

Ndakhala ndikuseka nazo mpaka m'mawa uno kumjigo. Anaphiri a nyumba yoyandikana nafe andikokera pambali. Akuti palibe amaimba gitala bwino ndi manja okhaokha, onse amakhwimira, ndipo chizimba chake ndi mwana woyamba. Akuti wa Kadzidzi anafa chaka chomwe bambo wake anayamba kumveka pa wailesi. "Ukangomva kuti yayamba kukoma, mwana umugwiritsitse."

Mayo ine! Woyamba wathu ndi yemweyu, sanayambe n'kukwawa komwe.

Ndamvetsera madzulo ano. Siikukoma. Ikulira ngati mbuzi yokodwa m'chingwe. Zikomo Ambuye. Koma pofika Loweruka gitala imeneyi ikhale itatha. Kuwauza pamaso sindingathe. Mwamuna wako ungamufunse bwanji kuti kodi mwana wathuyu muli naye mapulani?

Lachiwiri

Zoti ndichite:
kuwapweteketsa zala
kuchepetsa mawaya
mwana asayandikire galoni

Ndayamba ndi zala. Ndawatulira thumba la mtedza pakhonde, ndati liswedwe lero, mavenda sagula wamakoko. Akuswa limodzi ndi mkulu wawo, alamu anga a Fanuelo, ndipo tsiku lonse mkangano ndi umodzi: katswiri ndani?

Alamu ali kumbali ya a Mwandiyesa, nkhalamba ya ku Mkanda yomwe imaimba pamowa. Akuti iwo aja sayang'ana zala, amaimba uku akukambirana mtengo wa feteleza. Amuna anga akuti zimenezo ndi za masanje, katswiri ndi Kadzidzi, gitala yake imayankhula, imatchula mpaka dzina la munthu.

Dzina la ndani? Ndamuchotsa Yamikani pamphasa.

Madzulo zala zatupa. Ndati eya, zatheka. Iwo akumwetulira, akuti nsonga za zala zachita dzanzi, waya sakuwadulanso, akatswiri onse zala zawo zimakhala ngati ziboda. Akufunsa ngati lilipo thumba lina.

Ndawalimbitsira zala ndine ndemwe!

Lachitatu

Amuna anga apita kudimba. Ndamasula waya mmodzi, ndamumanga pakati pa mtengo wa mango ndi bafa, ndayanikapo matewera onyowa kuti asayerekeze kumutenga.

Abwera, aona, ndikudikira mkuntho. Palibe. Alamu akuti a Mwandiyesa amaimba ndi mawaya atatu chibadwire, wachinayi ndi wa anthu odzionetsera. Ayesa. Zoona, phokoso lachepa. Kani amene amalira moipa kwambiri ndi yemwe ndachotsayo.

Nkhuku zimathawa akangoyamba. Lero imodzi yakhala, ikutola zakudya pafupi ndi phazi lawo. Kodi ndiye kuti gitala yayamba kukoma?

Yamikani thupi latentha pang'ono. Dovu chuchuchu, akuluma chilichonse, bere akulikana kenako akulifuna. Anaphiri asuzumira pampanda, amva gitala, aona mwana, angoti "Hmm" n'kubwerera. Bola akanalankhula!

Lachinayi

Kuchipatala wapansi, mwana kumsana. Njinga yopanda mabuleki sindingakwere nayo mwana pa chitsikiro cha kudambo chija. Abambo ake ati andiperekeze, ndakana. Adabwa. Andithamangira mpaka pamsewu ndi kachipewa ka mwana, akuti kukuzizira. Amuveka okha, manja otupa omwewo. Munthu wokhwima angachite zimenezi? Kapena ndi momwe amachitira kuti usadziwe?

Anesi amuyeza, akuti malungo mulibe, ndi mano akufuna kumera. Ndawafunsa ngati gitala ingadwalitse mwana. Andiyang'ana, akuti zimatengera woimbayo.

Ndiye kuti akudziwa!

Anaphiri nawo akuti za gitala sizioneka pa makina a kuchipatala.

Ndafika, ndathira mtedza woswa manja awiri m'galoni kudzera pakamwa pake, kuti itsamwe. Siinatsame. Akamenya waya, mtedza ukuchita tseketseke ngati maseche a kwaya. Ana a pamudzi abwera, akuvina. Amuna anga akuti sakudziwa kuti zalowamo bwanji, koma zinthu zina zimangobwera zokha munthu akamayandikira ukatswiri.

Zimangobwera zokha! Mawu otani amenewo?

Lachisanu

Madzi odalitsa amene amayi anandipatsira ku Ludzi pa Pasaka. Ndawaza:
pa galoni
pa mawaya
pa malaya awo a mawa
pa Yamikani, kawiri
pa nkhuku ija

Masana ndikutsuka mbale, ayamba kuimba. Mbale yandigwa. Kwa nthawi yoyamba ndazindikira nyimbo! Ija timaimba popita kukapereka chopereka. Ndayamba kulira, ndikuti basi yakoma, zatha, mwana wanga. Ndapukuta misozi, ndapita kukafunsa ngati aiphunzira kukwaya. Akwiya. Akuti si ya kutchalitchi, ndi ya Kadzidzi ija ya mtenanti wothawa pa esiteti, yomwe ndaimva pa kaseti kosawerengeka.

Sizikufanana ngakhale pang'ono. Ndapuma.

Koma gitala ikadalipo, mawa ndi mawa. Ndimati ndiiponye m'chimbudzi, iwo akuyenda nayo paliponse, ngakhale kokasamba akuikoleka pa tsekera. Ndalephera. Mawa ndipita nawo. Kadzidzi akangoyang'ana mwana wanga, ndikuwa mpaka amve ku boda.

Loweruka

Ndikulemba nditakhala pansi, lero ndi za chimwemwe.

Tafika pa Kamwendo masana. Ine ndimayembekezera chimunthu cha maso ofiira. Kadzidzi ndi kabambo kadazi, kajekete kothina, kakudya mbatata yootcha kuseri kwa golosale. Chitsikana chachitali chatula batire ya galimoto pamutu, chikumukalipira: "Adadi, mbatata ndi shuga wanu uja?" Iye wabisa mbatata kumbuyo.

Ndachiyandikira, mwana nditamumanga nsalu ziwiri. Ndafunsa kuti kwanu ndinu wachingati. Akuti woyamba. Ndafunsa kuti woyamba weniweni, patsogolo panu panalibe wina? Akuti mayi, mukufuna chiyani? Ndangomugwira mkono. Wofunda, wonenepa, wamoyo!

Kenako bambo uja waimba. Ee, zoona ndinene, amatha. Sathamanga. Amamenya waya n'kudikira, ngati munthu wafunsa funso. Mayi wina wa tomato waseka chapatali, gitala yamuyankha kuseka komweko, msika wonse wafa nacho. Maso ake sali pa zala, ali pa anthu. Alamu a Fanuelo akuti a Mwandiyesa akanatero koposa, koma phazi lawo likuvina.

Yafika nthawi ya amuna anga. Aima, akhosomola, ayamba ya mtenanti ija. Woimba ng'oma wa Kadzidzi wayesa kuwatsatira, wasochera, wasiya. Galu wachoka. Pakati pa nyimbo agwedeza galoni mwamphamvu, mtedza wathawira panja, wagwera pa nsapato ya Kadzidzi. Iye watola, wapukuta pa jekete, watafuna.

"Mtedza wabwino uwu, achimwene. Mwalima nokha?"

Avomera.

"Musausiye."

Anthu aseka. Ine ndaomba m'manja kuposa aliyense, mpaka nthungululu. Amuna anga anditembenukira, maso ali ndi misozi, akuti pa anthu onsewa wondikhulupirira ndi mkazi wanga yekha.

Lamulungu

Dzino latuluka! Limodzi, lapansi, loyera. Ndalidziwa chifukwa wandiluma nalo pa Misa. Thupi lazizira, akuseka ndi aliyense.

Potuluka m'tchalitchi ndawauza Anaphiri kuti mwana woyamba wa Kadzidzi ndamugwira ndi dzanja langali. Akuti ndiye kuti anapereka wa mkazi wina. Ndawasiya. Mawa ndikatunga madzi kuchitsime, kumjigo adzandiona sabata inayo.

Waya wa matewera uja amuna anga abwezera ku njinga. Buleki ilipo imodzi, ya kutsogolo. Ukaigwira umadumpha chiwongolero, komabe ndi buleki.

Gitala sinathe. Akuti Kadzidzi wachita mantha ndi mpikisano, chaka cha mawa aona. Mtedza wotsala akana kuchotsamo. Panopa ali pansi pa mango, Yamikani ali pamwendo pawo akumenya galoni ndi chikhato, ndipo sindikuthamangira kukamutenga. Mutu ukundiwawa kale. Ndikuona kuti udzandiwawa mpaka ukalamba.

Ndaima pakhomo kumvetsera, mwina mwake. Afika pamalo paja pa nyimbo ya mtenanti. Alakwitsa pomwe amalakwitsa masiku onse.

Mulungu ngwabwino.