Lubani wa Mfumukazi ya ku Seba

Mpaka lero tikakumana Amalawi ku Indianapolis, pali anthu amene akangondiona amayamba kutsokomola dala. Ndimangoseka nawo, nanga nditani, ndinaziputa ndekha.

Ndili ku sekondale kwathu ku Dedza ndinakhalapo Mfumukazi ya ku Seba pa sewero, mayi uja anayenda ulendo wautali ndi ngamila, golide ndi zonunkhira kukamuyesa Solomoni ndi mafunso ovuta. Ndinalowa mu holo nditafunda nsalu ya patebulo ya ahedi, m'manja muli phale la lubani, utsi uli tolotolo. Mawindo a holoyo analibe magalasi, mphepo inkangodutsa. Anthu anaimirira kundiombera m'manja! Tsiku limenelo ndimalisowa, abale.

Kuno ku South Bend mwana wanga Tadala ankangondidziwa ngati mayi wotopa wovala yunifomu ya kuchipatala. Ndikamuyankhula Chichewa ankayankha Chingerezi, ndipo nkhani ya ufumukazi wanga ikangoyamba ankatseka makutu ndi timawaya take ta nyimbo. Zinkandiwawa. Choncho amayi a kumpingo atanena kuti pa mkumano wa Amalawi pakhale sewero, ndinakweza dzanja asanamalize n'kuyankhula komwe. Ndinkafuna mwanayu andione ndi maso ake, kamodzi kokha.

Tsikulo ine ndi Tadala tinadraiva kupita ku Indianapolis, ndipo ndinakhotera pa Lafayette Road kukagula lubani ndi makala pa shopu ya bambo wina wa ku Ethiopia. Atamva cholinga changa anasangalala, akuti mfumukaziyo ndi gogo wawo, n'kundiwonjezera lubani wina waulere (kukoma mtima kwina kumapweteketsa).

Holo yake inali yobwereka, chipinda chapansi pa tchalitchi china ku Beech Grove, m'mbali mwa Indianapolis, denga lalifupi, mawindo otseka. Amayi Phiri, amene ankayendetsa mwambo, ataona makala anandikokera pambali.

"Asisi, zimenezi n'zololedwa muno?"

"Mfumukazi sipempha chilolezo," ndinatero ine. (Pakamwa pangapa!)

Ndinalowa. Chitenje chonyezimira, duku lalitali, mbale ya lubani m'manja. Bambo Gondwe, Solomoni wathu, anali pampando atavala chisoti cha katoni. Nditaponya diso ndinaona Tadala wachotsa timawaya tija, akundiyang'ana. M'malo mokhutira pomwepo, ndinatapa lubani wina wodzaza dzanja n'kuthira pamakala.

Ndinagwada. "Mfumu, ndamva mbiri ya nzeru zanu..." Utsi uja utangofika kudenga, alamu ya moto inalira. Mayo ine, kulira kwake koboola makutu! Solomoni, ndi nzeru zake zonse, ndiye anali woyamba kutuluka, chisoti n'kuchisiya pampando. Ana kulira, azimayi kuthawitsa mapoto a mpunga. Ine m'malo moithira madzi mbale ija ndinatuluka nayo panja ikufukabe, moti ozimitsa moto atafika sanavutike n'kufufuza.

Mkulu wawo anandiyang'ana kuyambira kuduku mpaka kunsapato, n'kufunsa kuti ndine ndani. Chingerezi changa chonse chinathawa. Anayankha ndi Tadala, nkhope ili gwa: akuti awa ndi amayi anga, Mfumukazi ya ku Seba, abwera ndi mphatso. Bamboyo anadziluma mlomo kuti asaseke. Eni tchalitchi okha ndiwo sanaseke, ndipo holo ija sanatibwerekenso.

Pobwerera m'galimoto munali fungo la lubani lokhalokha. Ndinkangoti basi, ndamuchititsa manyazi mwana pagulu, sadzafunanso kumva za kwathu. Tili pakati pa minda ya chimanga ndinamva kamawu, m'Chichewa chopunduka:

"Amayi... ku Dedza kuja, Solomoni anathawanso?"

"Ayi, mwanangu. Uja anakhala."

"Ndiye zinatha bwanji?"

Ndinamufotokozera mpaka kukafika ku South Bend, timawaya tili m'thumba. Ndinamuuza za nsalu ya ahedi, za mawindo opanda magalasi, zonse.

Lubani waulere uja ndikusungabe m'kabati. Chonde, amayi Phiri asamve.